Kodi Lamulo Lingalowe M'cimbudzi?

M'caka ca 2017, anchito otsuka ngalande za pansi pa mzinda wa London anapeza cinthu codabwitsa ku Whitechapel. Cinali cimulu colimba ngati thanthwe, cotalika mamita 250, colemera matani 130, ndipo cinatseka njira ya madzi onyansa. Anacigumula masabata 9. Cimuluco cinaumbika ndi mafuta a m'khichini pamodzi ndi tinsalu tonyowa timene anthu apukutira ana ndi kutaya m'zimbudzi za madzi. Pepala la m'cimbudzi lisungunuka msanga. Koma tinsalu tambiri tiri ndi ulusi wa pulasitiki wosaola, ndipo mafuta akamamatirapo auma. Mpope ukatsekeka, zonyansa zibwerera m'nyumba za anthu kapena zisefukira mumtsinje.

Cifukwa cace m'mwezi wa April 2024 boma la Britain linalengeza kuti lidzaletsa kugulitsa tinsalu tokhala ndi pulasitiki. Apa pabuka funso: kodi nkoyenera kuti lamulo lilowerere pa zimene munthu acita ali yekha, citseko cotseka?

Wina adzati, "Kansalu kanga nkamodzi, kangaononge ciani?" Anenadi zoona, pakuti kamodzi sikatseka ngalande. Koma cimulu cija sicinaunjikidwe ndi munthu mmodzi woipa mtima. Anaciunjika anthu zikwi zambiri, yense akunena mumtima mwace mau omwewo. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo mtolowo sanausenze iwo amene anataya, koma anchito amene anatsikira m'fungo ndi mumdima, ndi mabanja a kumunsi amene mipope yao isefukira.

Tsono cinthu cocitidwa mseri, cikapweteka mnansi, sicilinso ca mwini yekha, ndipo lamulo liyenera kunenapo. Komabe taonani malire ace. Palibe msilikali angaime pa khomo la cimbudzi ciri conse. Ncifukwa cace boma linagwira wogulitsa, losati wotaya. Lamulo lilekeza pa sitolo. Kupitirira apo mlonda watsala mmodzi, ndiye cikumbumtima.

Inu awerengi, kapena kwanu kulibe ngalande zotere, koma mtsinje ulipo, ndipo kumunsi kwace kuli anthu otunga madzi omwewo. Musanataye kanthu m'madzi, dzifunseni: kodi anthu onse a m'mudzi akacita monga ndifuna kucita ineyu, a kumunsi adzamwa ciani?