Kodi zaka zimayeretsa munda wa mwini?

Lamulo la 1967 la malo olembetsedwa, Registered Land Act, limati munthu akakhala pa malo a mwini zaka 12 mosabisa, mopanda ndewu, mosadukiza komanso popanda chilolezo, akhoza kupempha kuti alembedwe m'dzina lake. Malo a boma ndi a mafumu okha satengedwa motere. Ine, monga mkulu wa mpingo kuno ku Mulanje, mfundo ya chilolezoyi imandisowetsa mtendere.

Tinakula tikudziwa kuti malo amapemphedwa. Mlendo amakagwada kwa amfumu, mkamwini amalima pamene apongozi amulozera. Koma pamaso pa lamuloli, zaka za wopempha siziwerengedwa ngakhale zitafika 40. Zimawerengedwa za wolowa osaodira.

Taonani minda ya tiyi yozungulira phiri lathuli. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anapereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu. Makolo athu ambiri, makamaka Alhomwe ochokera ku Mozambique, anakhala pa maesitetiwo mololedwa, n'kumalipira ndi thangata. Anakalamba akulima, osapeza ngakhale ndime imodzi yoitcha yawo. Mu 2016, Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation atafuna malo a maesiteti ku Thyolo ndi Mulanje, chikalata cha eni maesitetiwo ndicho chinapambana. Nanga chikalatacho chinalimba ndi chiyani, ngati si zaka?

Baibulo nalo limawerenga zaka, koma limawerengera kubweza. Pa Levitiko 25 nthaka ndi ya Mulungu, ndipo chaka cha 50 munda umabwerera kubanja limene linaugulitsa. Mfumu Ahabu akadalima zaka 12 munda umene analanda wa Naboti, Eliya sakadatseka pakamwa.

Lamulolo sindilitaya ayi. Milandu iyenera kutha, ndipo nthaka isamere tchire anthu akulima m'mphepete mwa mtsinje wa Ruo chifukwa chosowa pogwira. Koma khoti limapereka chikalata, silitsuka mtima. Wofuna malo mwanjira iyi ayambe wafufuza chimene chinatontholetsa mwini. Ngati anawataya dala, alime popanda mantha. Ngati anali ku Joni, kapena pamphasa, kapena anali mwana wamasiye wosadziwa malire a makolo ake, apite akakambirane naye, ngakhale zaka 12 zitakwana.