Kodi Galimoto Ikakalika N'kulirira?

Pali anthu amene amati akadzuka m'mamawa, asanalonjere ndi ana awo omwe, amayamba azungulira galimoto yawo ngati mlimi woyendera khola. Akapeza kuti utoto wakalika pang'ono pachitseko, tsiku lonse limawaipira, ndipo nsima siitsika. Oyenda pansi amaseka khalidwe lotereli. Koma munthu asanaseke, ayenera kuyamba wafunsa chimene chikumuwawa mnzakeyo.

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya Malawi zidagulidwa ku Japan zitagwirako kale ntchito. Zambiri mwa izo zimatsitsidwa padoko la Dar es Salaam, n'kuyenda ulendo wautali wapamsewu kudzalowa pachipata cha Songwe, ndipo mwini wake amalipira msonkho wosachepa. Kuti zonsezi zitheke, munthu amadzimana zaka zingapo, mwinanso kutenga ngongole. Choncho akaona kamzere pautoto, chimene chimamupweteka ndi thukuta lake lija, komanso ulemu umene amaganiza kuti galimotoyo idamubweretsera pakati pa anzake. Chisoni chotere si uchitsiru ayi.

Komabe amene amapanga galimoto sayembekezera kuti idzakalamba yopanda chipsera. Bampala adaiika dala kuti izilandira nkhonya. Ku America, kuyambira pa galimoto za chaka cha 1973, lamulo lidafuna kuti bampala yakutsogolo izitha kugunda chinthu paliwiro la mamailosi 5 pa ola popanda nyale ndi zida zina zoteteza moyo kuwonongeka, ngakhale kuti mu 1982 muyezowo adautsitsa kufika pa mamailosi 2.5. Nako ku Paris, kumene malo oimikapo galimoto ndi osowa, madalaivala adatchuka ndi chizolowezi chogundagunda pang'ono galimoto yakutsogolo ndi yakumbuyo pofuna kulowa pampata wothina. Kakukalika komwe kwina kamaitanitsa apolisi, kwina sikatembenuzitsa ndi khosi lomwe. Apa n'zoonekeratu kuti kukula kwa bala lotere kumayezedwa mumtima mwa mwini wake.

Funso lenileni limabuka pamene pakhudzidwa munthu wina. Mnyamata wa kabaza, pothawa dzenje, wakhula chitseko ndi chogwirira cha njinga yake. Chakudza sichiimba ng'oma, iye sadafune. Mwini galimoto ali ndi ufulu wofuna kuti amukonzere, pakuti kusauka sikufafaniza mlandu, ndipo wolakwa amene amathawa osapepesa amawonjezera kusakhulupirika pamwamba pa ngozi. Koma ufuluwo uli ndi malire. Mtengo wa utoto amautchula wopenta, ndipo ukalipidwa nkhani imatha. Nanga mbama ndi mawu onyoza onenedwa pagulu, adzazifafaniza ndani? Kawirikawiri bambo wokwiyayo amathamangira kusisita chitseko chake asanafunse ngati mnyamata wagwa uja wavulala. Pamenepo chikondi chake pa galimoto chasanduka chinthu china: wayamba kuona chitsulo ngati thupi, ndi thupi la mnzake ngati chitsulo.

Chodabwitsa n'chakuti ukali umenewu umakhala wa chipsera choyamba chokha. Pakatha zaka zitatu, galimoto yomwe ija imanyamula matumba a chimanga ndi makala, zipsera zili mbali zonse, mwini wake osakumbukanso kuti chija adamenyera mwana wa eni ndi chiti.