Kodi kusunga chinsinsi kumafuna kuiwala?

Fayilo ikafufutidwa pa kompyuta sichokeratu. Chimachoka ndi dzina lake pamndandanda, malo ake n'kuwerengedwa ngati opanda kanthu, koma zomwe zinalimo zimatsalabe pa hard disk mpaka zina zitalembedwa pamwamba pake. Mu 2003 Simson Garfinkel ndi Abhi Shelat a ku MIT anafalitsa zomwe anapeza m'ma hard disk akale 158 amene anagula: manambala a makadi a kubanki, mbiri za odwala, makalata.

N'chifukwa chake malowo amapukutidwa. Pa Windows, cipher /w amadzaza malo onse osagwiritsidwa ntchito katatu: ndi maziro, mawani, kenako manambala opanda dongosolo. Pa SSD njirayi si yodalirika, poti chipangizocho chimadzisankhira pokalemba. Bungwe la NIST ku Gaithersburg linatulutsa malangizo a ntchitoyi, SP 800-88, mu 2006.

Munthu safunika kupukutidwa chonchi. Msonkhano wa Lateran wa 1215 unaletsa wansembe kuulula zomwe wamva polapitsa, koma sunamuuze kuti aiwale, pakuti palibe amaiwala chifukwa chouzidwa. Wansembe amakumana ndi wolapayo pamsika, akukumbukira zonse, n'kumupatsa moni ngati wina aliyense. Ngakhale Yeremiya 31:34, yonena za Mulungu wosakumbukiranso tchimo, ambiri amaimva motero: wodziwa zonse sataya nzeru, amasankha kusamuwerengera munthu mlandu. Pamenepa chinsinsi chimatetezedwa ndi mtima wa wochisunga.

Hard disk ilibe chikumbumtima. Imayankha aliyense wodziwa kufunsa, kaya mwini wake, wogula pa kaunjika kapena mbala. Mu 2008 laputopu ya wofufuza wa National Institutes of Health ku Bethesda inabedwa m'buti ya galimoto, ili ndi mbiri zosabisidwa za anthu pafupifupi 2,500 a m'kafukufuku wa mtima. Kupukuta sikukanapulumutsa mafayilo amenewo, popeza anali osafufutidwa, koma nkhaniyi ikuonetsa mwini wake weniweni wa zomwe zili m'kompyuta: kawirikawiri ndi munthu wina, amene sanafunsidwe. Kugulitsa kompyuta yotere osaipukuta n'kuulula chinsinsi cha mnzako usanatsegule pakamwa.

Komabe pulogalamu yopukuta imene imateteza wodwala ndi yomwenso imabisa wakuba, ndipo siisiyanitsa. Malamulo amayang'ana cholinga: lamulo la Sarbanes-Oxley la 2002 limalola kumanga munthu mpaka zaka 20 ngati wawononga zolembedwa pofuna kusokoneza kafukufuku wa boma la United States.