Cimwemwe ca wothandiza cimacokera kuti?

M'mapiri a m'malire a Myanmar ndi Thailand mumakhala anthu a mtundu wa Karen. Nkhondo ya pakati pa iwo ndi boma la Myanmar inayamba mu 1949, ndipo ambiri anathawira ku Thailand, m'misasa monga wa Mae La umene unatsegulidwa mu 1984. Kwa ife a m'malire, amene abale athu anakhalapo m'misasa ya ku Malawi mpaka nkhondo yathu itatha mu 1992, moyo wotero si wacilendo.

Funso langa lili pa anchito a mabungwe othandiza anthu amenewa. Ambiri malipiro awo ndi ocepa, maulendo ndi a pansi, malungo ndi mabomba okwirira ali m'njira. Nanga cimawakhutiritsa n'ciani?

Wina anganene kuti ndi "zikomo" wa odwala. Kuyamikidwa kumakoma ndithu, koma ine ndimakuopa. Munthu akazolowera kukondwa cifukwa coti anthu sangacite kanthu popanda iye, amayamba kusunga nzeru zake m'thumba. Mudzi ukayamba kudziimira, iye amadandaula.

Taonani Dr Cynthia Maung, amenenso ndi wa mtundu wa Karen. Anathawa kwawo mu 1988, ndipo mu 1989 anatsegula cipatala ca Mae Tao m'tauni ya Mae Sot, akuwiritsa zida zake mu mphika wophikira mpunga. Kuwonjezera pa kuciza odwala, cipatalaci cinayamba kuphunzitsa acinyamata a m'midzi nchito ya unamwino ndi uzamba. Mu 1998 kunayambanso gulu la Back Pack Health Worker Team, la azaumoyo amene amabereka mankhwala kumsana n'kukwera mapiri kukafika kumene kulibe cipatala.

Mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake, zipatala zina za m'misasa zinatsekedwa mwadzidzidzi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ndalama za kunja zili cimodzimodzi. Cimene sicikamuka ndi luso lotsala m'manja mwa mzamba wa pamudzi.

Wothandiza nayenso ali ndi ana, ndipo cimwemwe siciphika nsima. Mabungwe azimulipira moyenera. Koma ndimakhulupirira kuti kukhutira kwake kwenikweni kumabwera tsiku limene afika pamudzi n'kupeza mayi atabereka bwino usiku, mothandizidwa ndi mtsikana amene iye anamuphunzitsa, popanda wina kuthamanga kukamuitana.