Kodi Tikalipira, Ngongole Yatha?

Munthu wokulira kumtunda, amene nsomba zake ndi usipa, utaka ndi chambo cha pa Khirisimasi, akalowa koyamba m'nyumba yodyeramo ya m'mphepete mwa nyanja yamchere amachita manyazi a mitundu iwiri. Oyamba ndi a kusadziwa: pa ndandanda wa zakudya pali maina amene sanawamvepo chibadwire, ndipo pambali pa mbale pali tizitsulo tosadziwika ntchito yake. Manyazi amenewa sakhalitsa, amatha ndi phwete. Achiwiri ndi ouma khosi. Amafika pamene maso atsetserekera kumene kwalembedwa mitengo, mtima nkuyamba kutembenuza marandi kukhala makwacha, makwachawo kukhala matumba a chimanga. Manyazi achiwiriwa ndi amene tifuna kuti tiwasinkhesinkhe pamodzi mwezi uno.

Mu Marichi 2023 tinali ku Cape Town pa msonkhano wa sabata imodzi. Kumeneko kuli mkulu wina wa kumudzi kwathu amene wakhalako zaka 11. Anayamba ndi ntchito yotsuka mbale, ndipo tsopano amawotcha nsomba m'khitchini mwa lesitilanti ina. Atamva kuti mwana wa kwawo ali mumzinda, anadikira tsiku lawo lopuma natitengera ku Kalk Bay, doko laling'ono la ku False Bay, kumene phiri latsika mpaka kusiya kanjira kopapatiza ka msewu ndi njanji m'mbali mwa madzi. Padokopo pali mabwato a asodzi opakidwa utoto wowala. Amayi ovala nsapato za mphira amapala mamba ndi kutumbula nsomba, ndipo zinyama za m'nyanja zonga akatumbu akuluakulu zimagona pa simenti kudikira matumbo. Mumsewu muli tinyumba tomwera khofi tondondozana. Pamwamba pa zonsezi pali nyumba zodyeramo za mazenera aakulu, zomangidwa pafupi ndi madzi kotero kuti mafunde akakula amawaza magalasi.

Titakhala pansi, mkuluyo sanatsegule nkomwe ndandanda. "Abambo," anatero, "lero mudya kreef. Mukakafika kwathu mukanene kuti ndinakudyetsani." Kreef ndi nkhanu yaikulu ya ndevu zitalizitali, yokhala m'matanthwe a m'madzi ozizira a kumeneko. Ife maso anali atafika kale pa mtengo wake. Tinayankha msanga kuti, "Pepani achimwene, nkhanu imeneyo ikutha m'nyanja, ili pa ndandanda wofiira. Tidye snoek." Anatiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenaka nati, "Abambo, mwaona mtengo. Musanamizire nkhanu."

Tinadya snoek yowotcha, nsomba yaitali ya minga yambiri, ndipo inali yokoma kwabasi. Koma mau ajawa sanatichoke, ndipo funso limene anatisiyira si lathu tokha. Kodi munthu wa chikumbumtima angakhale pa tebulo lotere, nadya chakudya cha mtengo wa thumba la chimanga kapena kuposerapo, osalakwira munthu wina aliyense?

Kuseminale anatiphunzitsa yankho lakalekale. Papa Gregory Wamkulu, amene anamwalira m'chaka cha 604, anawerenga njira zisanu zimene kususuka kumamgwetsera munthu, ndipo Thomas Aquinas anazibwereza m'zaka za m'ma 1200: kudya nthawi isanakwane, kulakalaka zakudya za mtengo wapatali, kudya mopyola muyeso, kudya mwaphuma, ndi kuvuta pa kaphikidwe. Aphunzitsi omwewo sanati kukoma kwa chakudya ndi tchimo ayi. Amene adya zabwino pa tsiku la chikondwerero, mwa muyeso, pamodzi ndi abale, salakwa. Tikayesa nkhani yathu ndi muyeso umenewu, mlandu palibe: kamodzi pa zaka 11 si kususuka. Komatu taonani kuti njira zisanu zonsezo zimayang'ana pa wakudyayo, mimba yake ndi mtima wake. Za amene anaivuula nkhanuyo m'madzi sizinena kanthu, chifukwa nkhani yake ili m'chipinda china cha maphunziro, cha chilungamo.

M'chipinda chimenecho dziko la malonda lili ndi yankho lake lachidule: ndalipira. Zoonadi, kulipira ndi chinthu chaulemu. Amene walipira sanabe. Ndipo nyumba yodyeramo inakonzedwa mwaluso kuti yankho limeneli likwanire. Mbale imafika yoyera, nsomba ilibe mamba, ilibe matumbo, kawirikawiri ilibe ndi mutu womwe. Khitchini ili kuseri kwa chitseko. Pomaliza kapepala kamabwera m'kambale, munthu nkupereka ndalama, nkuimirira wopanda mangawa. Kumudzi sizitheka chomwecho. Ukadya nkhuku kwa amalume umadziwa kuti inali ya yani, waiona ikuthamangitsidwa pabwalo, ndipo umachoka ukudziwa kuti tsiku lina nawe udzathamangitsa yako. Mumzinda ndalama imadula chingwe chimenecho nthawi yomweyo, ndipo ndicho chifukwa chake timaikonda.

Koma tiyeni tione chimene zenera lalikulu lija limatiuza. Limati: nayi nyanja, nawa mabwato, nayi mbale yako. Nthawi zina ndi zoona ndithu, makamaka kwa yellowtail kapena snoek ya tsiku lomwelo. Nthawi zambiri si choncho. Kalamari wabwino wogwidwa m'nyanja ya ku Eastern Cape, amene iwo amati chokka, wambiri amapita ku Italy ndi ku Spain, ndipo wodyedwa m'malesitilanti ambiri ndi wochokera kunja, wofika ali wouma ndi chisanu m'makatoni. Ngakhale snoek yogulitsidwa m'masitolo, ina imachokera ku New Zealand. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Apa sitikunena kuti eni nyumbazo ndi achinyengo. Ambiri ukawafunsa amakuuza zoona. Tikungoti wakudya amayang'ana bwato ndi kudziyesa mnzake wa msodzi, pamene ndalama yake yadzera njira ina.

Nanga kreef? Mbiri yake ndi yophunzitsa. M'zaka za m'ma 1800 inali ndiwo ya amphawi, yochuluka mwakuti asodzi ankaiyesa nyambo. Kenaka anayamba kuiika m'zitini ndi kuitumiza ku Ulaya, pambuyo pake michira yake ku America, ndipo masiku ano yambiri imakwera ndege ili yamoyo kupita ku China. Mtengo utakwera, nyanja inakololedwa mopanda chisoni. Akatswiri a za nsomba anapeza kuti nkhanu zikuluzikulu zotsala ndi pafupifupi 2 pa 100 zilizonse zimene zinalipo kale. Bungwe la WWF, limene mu 2004 linayambitsa ndandanda wa SASSI wogawa nsomba m'magulu atatu, lobiriwira, lachikasu chofiirira ndi lofiira, linaika kreef m'gulu lofiira mu 2016. Mu 2018 khoti lalikulu la ku Western Cape linagamula kuti muyeso wa nkhanu umene boma linaloleza kugwira unali wosemphana ndi lamulo. Choncho zimene tinauza mkulu uja sizinali zabodza. Ife a ku Malawi sitingadabwe nazo, pakuti tinaona chambo chikutha m'nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo lero msodzi wa ku Mangochi amagulitsa chambo kwa a mahotela, iye nkukadyera bonya.

Ndandanda wa SASSI ndi chinthu chabwino, ndipo tikanakonda utadzafika ndi kwathu komwe. Umamphunzitsa wakudya kufunsa kuti, nsomba iyi ndi yanji, yagwidwa kuti, yagwidwa bwanji? Koma pali funso lachinayi limene mitundu itatu ija siyankha: waigwira ndani, ndipo walandira zingati?

Asodzi a ku Kalk Bay ali ndi mbiri yaitali. Ena mwa makolo awo anali amalinyero a ku Philippines amene anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1800, ndipo tchalitchi cha St James, chimene chinapatsa dzina mudzi woyandikana nawo, chinamangidwira iwo mu 1858. Mu 1967 boma la tsankho linalengeza kuti Kalk Bay ndi malo a azungu okha. Mabanja ena anasamutsidwa. Ambiri a m'nyumba za asodzi analimba mtima mpaka analekedwa. Ufulu utabwera, wina akanayesa kuti mavuto atha. Koma pamene boma linagawa zilolezo za nthawi yaitali mu 2005, asodzi ang'onoang'ono ambiri a m'gombe lonselo, amene makolo awo anafera panyanja, anapezeka alibe chilolezo. Anakadandaula kukhoti, mu 2007 khoti linalamula boma kuti liwakonzere ndondomeko yawo, ndipo ndondomekoyo inatuluka mu 2012. Pa zaka zodikirazo, ndi pambuyo pake pomwe, anyamata ena a m'midzi ya asodzi, monga Hangberg pamwamba pa doko la Hout Bay, analowa ntchito yozembetsa kreef ndi nkhono za perlemoen usiku, ndipo ena sanabwerere. Lamulo limawatcha mbala, ndipo kuba ndi kuba ndithu, pakuti akubera ana awo omwe. Komabe nkovuta kumuuza munthu kuti nkhanu ya pakhomo pake ndi yoletsedwa kwa iye, pamene akuiona ikukwezedwa ndege.

Kapepala ka m'kambale sikalemba zimenezi. Kamalipira nsomba, mafuta, lendi ya nyumba ya zenera lalikulu ndi phindu la mwini wake. Kwa msodzi kumafika kachigawo kakang'ono. Kwa woperekera zakudya kumafika malipiro otsika, amene lamulo linawaikira malire oyambira mu 2019 pa marandi 20 pa ola, nawakweza pang'onopang'ono chaka ndi chaka; zotsalazo amayembekeza kwa wakudya, amene mwa chizolowezi cha kumeneko amawonjezera 10 pa 100 iliyonse. Ambiri mwa otsuka mbale ndi operekera ndi alendo ngati ife, a ku Zimbabwe, a ku Congo, a ku Malawi. Ndiye kunena kuti "ndalipira" nkoona, koma kumangotanthauza kuti takwaniritsa zimene anatilembera.

Apa wina mwa awerengi anena kuti: basitu, njira ndi kusapitako. Ifenso mtima wathu unathamangira komweko, ndipo ndi pamene tinaphunthwa. Tebulo likakhala lopanda munthu, woyamba kuchotsedwa ntchito si mwini nyumba, ndi wotsuka mbale, ndipo ndalama imene amatumiza ku Dedza kapena ku Mzimba mwezi ndi mwezi imaima. Anthu a ku Cape Town anaziona mu 2020, pamene mliri unatseka nyumba zodyeramo. Kusala kwathu kungatiyeretse m'maso mwathu, msodzi osapindula kanthu. Ndipo pali kudzikana kwina kumene kuli kunyada kovala chiguduli.

Tidakali kudya, mkulu uja ananena mau ena, maso ali kunyanja. "Ine nkhanu zimenezi ndimaziwotcha usiku ndi usiku, Abambo, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Pampando wotere sindinakhalepo. Lero ndimati ndikhale, wina andiperekere, mlendo wanga adye chimene azungu amadya."

Pamenepo tinazindikira chimene tinawalanda. Ife tinawaona ngati mmphawi woyenera kutetezedwa ku mphatso yake yomwe, pamene iwo anadza ngati mwini khomo. Kwathu mlendo sauza mwini nyumba kuti nkhuku isaphedwe chifukwa khola ndi laling'ono. Kutero nkumuchotsa ulemu pamaso pa ana ake. Choipitsitsa nchakuti tinabisa chifundo chathu chonyozacho kuseri kwa chifukwa choona. Tikanati, "Achimwene, mtengowu ukutiopsa," akanatiseka, tikanakangana monga abale, mwina tikanagwirizana. M'malo mwake tinawapatsa phunziro la za chilengedwe, munthu amene manja ake ali ndi zipsera za mafuta otentha.

Kodi tsono tikanadya kreef ija? Mpaka lero tiganiza kuti ayi. Nkhanuyo ikuthadi, ndipo ikatha oyamba kulira adzakhala asodzi omwewo. Koma tikanayenera kukana mwa njira ina: kunena zifukwa zonse ziwiri poyera, ndi kuwasiyira mpata woti atidyetse china cha mtengo umene iwo afuna. Manyazi aja a pa mitengo si oipa mwa iwo okha. Ali ngati ululu wa dzino, umene umatiuza kuti pali chowola. Vuto lake nlakuti munthu wowawidwa amangofuna kuti ululu uleke, ndipo njira ziwiri zachidule zoulekera ndi kulipira nkuiwala, kapena kukana nkudziyesa wolungama. Njira zonse ziwirizo zimathera pa ife eni. Kufunsa kuti nsombayi yachokera m'bwato la yani, kubwerera kumene amakuyankha, kupereka ya woperekera mosaumira, kudziwa kuti kuseri kwa chitseko kuli anthu: izi ndi zazing'ono, sizibweza chilolezo cha msodzi ngakhale mmodzi, ndipo sizichotsa manyazi. Mwina sayenera kuchoka.

Kapepala katabwera, mkuluyo anakaphimba ndi dzanja kuti tisaone. Anawerenga ndalama pang'onopang'ono, nawonjezera ya mtsikana wotiperekera, wa ku Bulawayo, yoposa imene chizolowezi chifuna. Potuluka anaima pa chitseko cha khitchini napereka moni kwa amene anali m'katimo, ndipo mau awiri anayankha m'Chichewa. Kenaka tinatsikira padoko, kumene mayi wina wotumbula nsomba anawaitana ndi dzina nawakulungira mitu iwiri ya yellowtail m'nyuzipepala, ya ndiwo za mawa. Ndalama anakana.

Tili pa siteshoni kudikira, mphepo ya kunyanja itayamba kuzizira, anatigwira paphewa. "Mukadzabweranso, Abambo," anatero, "sindidzakufunsani. Ndidzangoitanitsa."