Adzukulu, Sewero Lili Pamjigo

Adzukulu anga, khalani pansi, mafoniwo muyambe mwawagoneka pamphasapo. Dzulo madzulo ndinakumvani kuseri kwa nyumba mukukangana za sewero limene mukufuna kujambula kuti muliponye pa Facebook. Wina amati mukhale mfuti, wina amati mubwereke galimoto yonyezimira, wina amati pakhale mtsikana wovala zoonetsa thupi kuti oonera achuluke. Mng'ono wanu atati bwanji tijambule za amayi aja amene amakangana pamjigo, nonse munamuseka, ati zimenezo ndi nkhani za agogo. Ndiye agogowo ndabwera, ndipo ndili kumbali ya mng'ono wanuyo.

Kwathu ku Malawi, kumene adachokera bambo anga, wailesi ya kanema idayamba mochedwa, mu 1999. Kuno ku Zimbabwe idalipo kuyambira 1960, koma kwa ife a m'malokeshoni inali ya kumva m'makutu. Mumzere wathu wonse ku St Mary's kanema adali m'nyumba imodzi yokha, wa zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo masana ankamufunditsa kansalu koluka ngati mkwatibwi. Tsiku la sewero la Mukadota likafika, ana ankasamba okha popanda wowakalipira, chifukwa mayi a m'nyumbamo sankalola mapazi afumbi pasimenti yawo yopaka polishi wofiira. Akuluakulu pamipando, ana pansi, ochedwa pawindo. Mnyamata mmodzi ankakwera padenga kukagwira mlongoti wa eriyo, ife m'nyumba n'kumakuwa kuti, "Pomwepo! Ayi, bwerera pang'ono!" Mnyamata ameneyo masewero ambiri adawamvera padenga.

Mukadota anali Safirio Madzikatire, amene adatisiya mu 1996, ndipo mkazi wake wa m'sewero, Mai Rwizi, anali Susan Chenjerai. Adayambira pawailesi ya mawu, kenaka n'kulowa pakanema. Mukandifunsa chimene chinkachitika m'seweromo, ndikuuzani kuti palibe chachikulu. Munali mwamuna wodzitama, wakabodza pang'ono, wokonda mimba yake, ndi mkazi amene ankamudziwa mpaka m'thumba. Mikangano yawo inali ya chakudya, ya ndalama, ya alendo, ya nsanje. Simunali mfuti, simunali galimoto. Koma anthu ankaseka mpaka kugwetsa misozi, ndipo m'mawa pokwera basi nkhani inali yomweyo.

Kuti mumvetse chifukwa chake, ndikuuzeni za manyazi anga. Ndili loja, mabanja anayi tinkakhala m'nyumba imodzi, ndipo m'kanjira ka pakati kopita kubafa munali babu limodzi. Tsiku lina lidapsa. Ine ndidati sindigula, popeza lomwe lapsalo ndidagula ndine. Mnzanga wa chipinda choyang'anana ndi changa, mlonda wa kufakitale, adati iye usiku sagona pakhomo, ndiye kuwala kwa babulo sakudziwa n'komwe. Enawo adangoti zii, kudikira kuti aone amene atope. Miyezi itatu tidayenda mumdima. Ndidapunthwa pandowa chikhadabo cha chala chachikulu n'kuzuka, koma ndidatsimphina mwakachetechete kuti mlonda uja asamve. Moni adatha. Agogo anu aakazi ndi mkazi wake adaleka kupemphana mchere, ana athu ankasewerera limodzi mobisa. Babu limenelo, adzukulu, mtengo wake sunkafika wa mowa umene aliyense wa ife ankamwa Loweruka limodzi pa Chikwanha.

Ndiye usiku wina tili pa kanema paja, Mukadota akulimbira kanthu kena kachabechabe, nkhope ili gwaa ngati woweruza milandu ya kupha. Ndidaseka mpaka kutsamwa. Nditacheuka, ndidapeza mlonda uja, amene tsiku limenelo sadapite kuntchito, akupukuta misozi ndi chipewa. Maso athu adakumana, tonse n'kuyang'ana pansi. M'mawa mwake ndidabwera ndi babu m'thumba la jekete, n'kupeza m'kanjiramo mukuwala kale. Langalo lidakhala m'kabati chaka chathunthu.

Tsono tamverani. Sitinkakanganirana babu ayi. Funso linali lakuti pakhomo pano wopusa ndani, wodyeredwa masuku pamutu ndani. Munthu amene alibe munda, alibe nyumba, alibe dzina kuntchito, ulemu wake amauika pa tinthu timene tatsala m'manja mwake: babu, kachidutswa ka sopo, malo ake pamzere, nyama imene yagwera m'mbale mwake. Ukakhudza timeneto wakhudza munthu yense. Choseketsa n'chakuti mkwiyo ndi wa njovu pamene chokwiyitsacho ndi nyerere, ndipo woonerayo amaseka chifukwa akudziwa kuti naye dzulo lomweli anatero. M'busa akanandiuza paguwa kuti ndine wouma mtima, ndikanasintha mpingo. Mukadota sadanditchule dzina, ndipo ndidagula babu.

Apa pali phunziro la ntchito yanuyo. Wochita sewero lotere saseka. Inu ndimakuonani m'timakanema tanu, musanamalize n'komwe mawu mwayamba kale kumwetulira, kuyang'ana foni ngati mukupempha kuti oonera akuthandizeni kuseka. Mayi amene akulimbira malo pamjigo sakusewera. Wadzuka 3 koloko usiku, waika mwala pamzere kuti umusungire malo, wabwerera kukayamwitsa mwana, pobwera wapeza mwala wake waponyedwa m'ngalande ndipo pamalopo pali chigubu cha mkazi wa landilodi. Kwa iye imeneyo ndi nkhondo. Mukamusewera ndi mtima wonse ngati nkhondo, anthu adzagubuduka ndi phwete. Mukamusewera ngati chitsiru, adzangodutsa ndi chala.

Musaganize kuti zimenezi ndi za amphawi okha. Ku America kudali sewero lotchedwa Seinfeld, la Jerry Seinfeld ndi Larry David, limene lidayenda kuyambira 1989 mpaka 1998, magawo 180. Gawo lina la mu 1991 ndi la anthu atatu amene akudikira tebulo m'lesitilanti ya Matchaina. Kuyambira poyamba mpaka pothera angoima, akudandaula kuti obwera pambuyo akulowa iwo akuona, ndipo mapeto ake akuchoka osadya. Gawo lotsiriza la sewero limeneli lidaoneredwa ndi anthu oposa 70 miliyoni. Nanga si mzere wa pamjigo womwewo, kungoti wa ku New York uli ndi kapeti?

Ndipo ife kuno tili ndi zimene a ku New York sangazilote. Ena mwa inu munali makanda mu 2009, pamene ndalama yathu idafa. M'Januwale wa chaka chimenecho kudatuluka pepala limodzi la madola 100 thililiyoni, ndipo posakhalitsa tonse tidayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America. Mapepala adalipo, koma makobili ayi, mpaka adabweretsa aja otchedwa bond coin mu Disembala 2014. M'sitolo chenji chinkakhala maswiti kapena bolopeni. M'kombi, hwindi, kondakitala uja, akasowa chenji ankangoloza anthu awiri osadziwana, n'kuwapatsa dola imodzi kuti akagawane okha, ndipo ankati wawakwatitsa. Ine, mkulu wa mpingo wa imvi zanga, tsiku lina adandikwatitsa ndi mayi wina wovala yunifolomu ya amayi a mpingo osonkhana Lachinayi. Tidatsika pa Chikwanha tonse titagwira mtima m'manja: iye sakufuna kundisiyira dolayo, ine sindikufuna kuoneka ngati ndikumulondola. Tidayenda motsogozana pakati pa milu ya tomato ndi kabichi, wogulitsa aliyense akupukusa mutu, mpaka tidagula nthochi zimene tonse sitinkazifuna n'kugawana pamaso pa anthu. Madzulo nkhani idandipeza kunyumba isanazizire, ndipo agogo anu adafunsa ngati mkazi mnzawoyo amakonda nthochi zakupsa kwambiri.

Mdzukulu wa mdzukulu wanu akadzafuna kudziwa mmene dziko linalili masiku amenewo, manambala a akatswiri a zachuma adzamupatsa tulo. Nkhalamba iwiri yoyenda ndi dola imodzi pa Chikwanha ndi imene idzamufotokozere.

Koma pali mbali ina imene sindingakubisireni, pakuti inu ndinu adzukulu a anthu obwera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudabwera Gringo. Enock Chihombori adayamba kumujambula m'nyuzipepala ya Kwayedza, kenaka Lazarus Boora adamupatsa thupi ndi mawu pakanema: wantchito wa pakhomo pa a Gweshegweshe, wosokoneza chilichonse chimene wagwira. Linali sewero labwino zedi. M'menemo munalinso munthu wotchedwa John Banda, wolankhula Chishona chopindika ngati cha makolo athu. Ndidaseka nawo, sindinama. Koma m'mawa kuntchito dzina langa linkasanduka John Banda, ndipo amayi anu ali kusukulu adaleka kundiyankha m'Chichewa pagulu, kuopa kunenedwa kuti mabhurandaya, dzina lonyoza ife a ku Malawi. Nthawi imeneyo ziphaso za ambiri a ife, ngakhale obadwira konkuno, zinali ndi chizindikiro chakuti ndife alendo, ndipo zidatengera malamulo atsopano a dziko a mu 2013 kuti zinthu ziyambe kusintha.

Sindikuda olemba sewerolo. Mwina n'kwabwino kuti tidaonekako pakanema kusiyana n'kusaoneka n'komwe, ndipo Gringo mwiniyo sankasiya munthu, Mshona kapena Mchewa. Koma pamenepo ndidaphunzira kuti phwete lili pawiri. Lilipo limene woseka amadziona yekha, ngati ine ndi babu langa, ndipo lilipo limene woseka amaloza chala mnzake amene sangabweze. Loyambalo limachititsa munthu kugula babu. Lachiwirilo limaphunzitsa mwana kuchita manyazi ndi lilime la agogo ake. Akale adati anyani sasekana zikundu. Musanaponye kakanema kanu, dzifunseni ngati munthu amene mwamuseweretsayo, kaya ndi wachibwibwi, kaya ndi mtsikana wa pabala, kaya ndi mkulu wa ku Chipinge wolankhula Chindau, angakhale nanu pabenchi limodzi n'kuseka nawo. Ngati sangatero, fufutani.

Tinkadziwa kusiyana kwa mitundu iwiri ya phweteyi chifukwa madalaivala a mabasi ochokera ku Blantyre, odzera ku Tete ndi pa Nyamapanda, ankatibweretsera makaseti a Izeki ndi Jakobo, John Nyanga ndi Eric Mabedi. Awo ankatiseka ife Amalawi koposa mmene Mshona aliyense akanathera: umbuli wathu, kuchenjera kwathu kwa pamphuno, kukonda kwathu milandu. Koma ankasekera m'kati mwa nyumba, m'Chichewa chokhwima, ndipo palibe amene ankatuluka atachepa. Onse awiri adapita, Izeki mu 2016, Jakobo mu 2021. Ngati mukufuna kuika Mchewa m'sewero lanu, muikeni, koma muyambe mwaphunzira kulankhula bwino chinenero chake, osati timawu titatu topotoza pakamwa. Alick Macheso, amene kale adali mnansi wathu muno m'Chitungwiza, amaimba Chichewa pamaso pa khamu la anthu, ndipo sindinamvepo akupepesa.

Za ndalama ndinene mwachidule, poti ndikudziwa kuti mukuwerengera kale za anthu ochuluka amene adzakuonereni. Lazarus Boora adaseketsa dziko lonse, koma atadwala anthu adachita kusonkha ndalama za kuchipatala, ndipo adamwalira mu Novembala 2020. Zimbale za sewero la Sabhuku Vharazipi zinkagulitsidwa m'misewu ndi anthu ozikopera mwakuba, eni sewero ku Masvingo akungomva mbiri. Inde, Michael Usi wa Tikuferanji, Manganya uja, adafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa Malawi mu 2024, koma ameneyo ndi mmodzi, ndipo sukulu sadaisiye. Choncho wa ku koleji asasiye koleji, wowotcherera zitsulo asagulitse makina ake. Mugwirizane papepala kuti tsamba ndi la yani ndipo ikabwera ndalama mugawana bwanji, lero lino pamene mukukondana. Ndaona mabanja anayi akuyenda mumdima chifukwa cha babu, ndiye inu asanu ndi akaunti imodzi sindikukukhulupirirani.

Galimoto ija musabwereke. Loweruka likubwerali mudzuke tambala woyamba, mutsagane ndi mng'ono wanu kumjigo. Tsiku loyamba mafoni musiye kunyumba, mungomvetsera mmene amayiwo amalonjerana, mmene amatukwanirana mwaulemu, amene amaweruza mlandu wa mwala. Mukadzafuna kujambula munthu mudzayambe mwamupempha. Ndipo potuluka mutenge zigubu ziwiri zili kukhitchinizo, chifukwa pampopi pano madzi sanatuluke chiyambire Lolemba.