Kuphikira, Kudyerana ndi Kudyera: Kodi Nsima ya Mlendo Imachoka pa Mtanda wa Yani?

Pali mawu amene Mchewa amawalankhula asanawaganizire. Munthu akatulukira pakhomo eni ake ali pa mbale, mwini khomo amati, "Fikani kuno, sambani m'manja." Sayamba wawerenga mitanda imene ili m'mbale, ndiponso safunsa ngati mlendoyo wadya kale kumene akuchokera. Kudya mlendo akupenya n'chinthu chochititsa manyazi, ndipo mwana amene abisa mbale pomva "odi" amadzudzulidwa kuti ndi womana. Khalidwe limeneli timalitama, ndipo n'loyeneradi kutamidwa. Komabe pali funso limene sitikonda kulifunsa. Ufa unayesedwa kale potengera chiwerengero cha anthu a pakhomopo, ndipo mphika unateleka mlendo asanamveke. Nanga nsima imene mlendoyo wadya yachoka pa mtanda wa yani?

Funsoli likuoneka ngati la kukhitchini, koma likukhudza nkhani imene anthu oganiza akhala akulimbana nayo kuyambira kale: kodi kupatsa tingakutche ukoma ngati wopatsayo si amene akumva kupweteka kwake? Ndikufuna kulilingalira poyambira m'chiyankhulo chathu, popeza chiyankhulo chimasunga zinthu zina zimene eni ake amazilambalala.

Mneni wa Chichewa amalandira timaphatikizo timene timasintha ubale wa anthu otchulidwa m'chiganizo. Nkhaniyi anaifotokoza mwakuya Sam Mchombo m'buku lake la The Syntax of Chichewa la mu 2004. Tikatenga mneni "phika" n'kuikapo -ir-, timapeza "phikira". Apa m'chiganizo mwalowa munthu wachiwiri, amene ntchitoyo ikumukhudza: munthu amaphika nsima, koma amaphikira ana. Uwu ndi umene m'masukulu timautcha msintho womchitira. Mneni "dya" nayenso amatipatsa "dyera", ndipo tikawonjezera -an- timapeza "dyerana", kumene kunachokera dzina lakuti chidyerano. Chodabwitsa n'chakuti kaphatikizo komweko kamatumikira zabwino ndi zoipa zomwe. Wonena kuti "mwandiphikira nsima" akuthokoza, pamene wonena kuti "mwandidyera nsima" akudandaula. Ndipo tikafuna kunena za munthu wopindula ndi thukuta la mnzake, timati akumudyera masuku pamutu. Malamulo a chiyankhulo satiuza ngati munthu wachiwiriyo wapindula kapena waluza. Kuti tidziwe, tiyenera kuchoka pa chiganizo n'kupita kukaona m'mbale mwake.

Tiyeni tsono tione m'mbalemo. Chakudya cha tsiku ndi tsiku m'chigawo chathu chino chili ndi mbali ziwiri, ndipo ziyankhulo zathu zimazisiyanitsa mofanana. Mchewa amati nsima ndi ndiwo, Mtumbuka amati sima ndi dende, Mbemba amati ubwali ndi umunani, Mshona amati sadza ndi usavi. Mbali yoyambayo siisintha kawirikawiri. Madzi akafunda, wophika amathira ufa pang'ono kuti pakhale phala, phalalo likabwadamuka amawonjezera ufa n'kumavundula ndi mthiko mpaka nsima italimba, kenaka amaomola ndi chipande. Nsima siidziwa kunama: ufa wa anthu asanu umatulutsa mitanda ya anthu asanu. Mlendo wachisanu n'chimodzi akasamba m'manja, wina mwa asanu aja adzuka pa mphasa asanakhute.

Amene adzuke asanakhuteyo timamudziwa. M'makomo ambiri mbale yoyamba imapita kwa bambo ndi alendo, ana amapatsidwa yawo, ndipo wophikayo amakhala pansi pomalizira. Zikachepa, iye amakokota nkhoko za mumphika n'kunena kuti analawa kale pophika. Mkute umene akanawapatsa ana m'mawa popita kusukulu umakhala watha. Chotero ulemu wa kuwolowa manja umapita kwa amene anati "sambani m'manja", pamene njala yake yagona m'mimba mwa wina. Tikabwerera ku mneni wathu uja, bamboyo akuganiza kuti wadyetsa mlendo, koma mwina wangomudyera mkazi wake.

Mtengo wa chakudya suthera pa ufa pokha. Ufa woyera usanafike mumphika, chimanga chimakonoledwa, kupetedwa, kuviikidwa m'madzi masiku angapo, kuyanikidwa, ndiyeno kusinjidwa kapena kupita kuchigayo. Pali nkhuni, pali madzi, palinso ulendo wokathyola ndiwo. Audrey Richards, amene anafufuza za kadyedwe ka Abemba n'kusindikiza buku la Land, Labour and Diet in Northern Rhodesia mu 1939, anaona kuti nthawi zina mabanja ankagona osadya ngakhale m'nkhokwe munali chakudya, chifukwa amayi anali atatoperatu ndi ntchito ya kumunda. Zimenezi zikutikumbutsa kuti pakati pa nkhokwe ndi mbale pali thupi la munthu, ndipo thupilo limatopa.

Wina anganene kuti makolo athu anali ndi yankho, ndipo n'zoona kuti anali nalo. Pa chidyerano, amayi a makomo oyandikana ankabweretsa mbale zawo pamalo amodzi, amuna n'kumadyera pawokha, amayi ndi ana aang'ono pawokhanso. Khomo limene tsiku limenelo linalibe ndiwo linkasusa kwa anzawo, mwana wamasiye sankasowa pogwira, ndipo mlendo sankalemetsa mphika umodzi popeza ankadya za mudzi wonse. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala analemba za mwambowu m'buku lake la mu 2005, The End of Chidyerano, poyang'ana makamaka anthu a m'chigwa cha Shire. Dzina la bukulo likunena lokha kuti mwambowu unazilala. Mandala anasiyanitsanso chaola, njala yaikulu imene imabwera mwa apo ndi apo, ndi njala ya chaka ndi chaka imene imagwira makomo osauka nkhokwe zikatha, mbewu za m'munda zisanache. Njala yachiwiriyi ndi imene imayesa kupatsa kwa munthu, chifukwa siilengezedwa pa wailesi ndipo wovutika nayo amaoneka ngati wina aliyense.

Tisaganizenso kuti kale kugawana kunalibe malire. Megan Vaughan, m'buku la The Story of an African Famine la mu 1987, anasonkhanitsa zimene amayi a m'boma la Blantyre ankakumbukira za njala ya mu 1949. Ambiri anasimba za amuna amene anapita kukafuna chakudya kwa abale awo osabwereranso, kusiya akazi ndi ana. Zinthu zikathina, bwalo la anthu odyera pamodzi limachepa, ndipo amene amatsala ndi ana pafupi ndi mafuwa ozizira ndi yemwe uja ankadya pomalizira pa nthawi ya mwanaalirenji.

Masiku ano makomo ambiri, makamaka m'matauni monga Blantyre, Lilongwe, Lusaka ndi Harare, amadya zogula. Ufa, makala, tomato, mchere ndi mafuta, zonse zimafuna ndalama, ndipo ena amagula ufa wa tsiku limodzi m'timapepala tapulasitiki. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala. M'nyengo zotere, munthu amene watseka chitseko pa nthawi ya nkhomaliro ali ndi mfundo yake, ndipo tiyenera kuimva. Iye akuti udindo wake woyamba uli pa ana amene anabereka, ndipo kupatsa mlendo chakudya cha mwana wako pofuna kuti anthu akutame ndi kudzikonda kovala nkhope ya chifundo. Mfundoyi ndi yolimba, ndipo sitingaigwetse pongotchula mwambo.

Komabe sindikuvomereza kuti yankho ndi kutseka chitseko. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo anatinso mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'mayiko amene boma silingafikire aliyense wosowa, mbale ya mnansi ndiyo nkhokwe yomaliza ya munthu wosauka. Amene watseka chitseko lero adzagogoda pa chitseko chotseka mawa, ndipo ana ake, amene akuti akuwateteza, akula osaphunzira kuona njala pa nkhope ya munthu wina. Cholakwika m'mwambo wathu si kuitana mlendo ayi. Cholakwika ndi kagawidwe ka mtolo umene kuitanako kumabweretsa.

Ngati zili choncho, ukoma wa kupatsa uyenera kuyesedwa ndi muyeso wosavuta: woitana mlendo akhale woyamba kuchepetsa mtanda wake. Bambo amene wati "sambani m'manja" agawe za m'mbale mwake, osatumiza mwana kukhitchini kukanena kuti "awonjezere". Wobwera ndi anzake kunyumba ayambe wafunsa wophika, ndipo ngati pakufunika kutelekanso mphika, iye awaze nkhuni kapena akoleze mbaula. Wophikayo adye pamodzi ndi ena, mbale yake itaomoledwa nthawi imodzi ndi za anzake. Mlendo nayenso ali ndi mbali yake. Mwambi wakuti mlendo ndi mame umalangiza mwini khomo kuti apirire popeza mlendo sakhalitsa, koma umakumbutsanso mlendoyo kuti mame amakamuka dzuwa likakwera. Kutema mbamu ziwiri zitatu n'kunena kuti "zikomo, ndakhuta" pamene waona kuti mitanda ndi yochepa, ndi kupatsanso kumene.

Pali mbali ina ya chakudya imene ndaisunga dala, ndiyo ndiwo. Nsima siitambasuka, koma ndiwo zimatambasuka m'manja mwa wodziwa, ndipo apa ndi pamene pagona nzeru zenizeni za pakhomo. Nkhwani wongothyola kuseri kwa nyumba, akausadzula, kuuduladula ndi kuuwiritsa m'madzi ochepa pamodzi ndi tomato ndi mchere, n'kuthiramo nsinjiro kumapeto, umasanduka ndiwo zoti munthu n'kumalizira mtanda wonse. Therere lothira chidulo limayendetsa nsima pakhosi popanda dontho la mafuta. Usipa wodzaza dzanja limodzi, ukaphikidwa ndi tomato ndi anyezi n'kukhala ndi msuzi wokwanira, umafikira banja lonse. Bonongwe, chisoso ndi luni zimamera zokha nthawi ya dzinja. Masamba a khobwe ndi a maungu akafutsidwa, kuyanikidwa ndi kusungidwa m'zikwatu, amadzapulumutsa khomo m'chilimwe. Ufa ukachepa, mbatata yophika ndi nsinjiro, imene timaitcha futali, imagoneka ana ali okhuta.

Nzeru zimenezi sizinalembedwe m'mabuku ambiri. Zimayenda pakamwa, pa mjigo, kuchigayo, pamaliro pamene amayi a makomo osiyanasiyana amaphikira pamodzi. Wina amalawa n'kufunsa kuti, "Kodi amake Chikondi, mwatendera bwanji nkhwaniwu?" ndipo mnzakeyo amafotokoza osabisa kanthu. Uku ndi kugawana kumene ngakhale wosaukitsitsa angakukwanitse, chifukwa wophunzitsa mnzake kufutsa masamba satsala ndi mfutso wochepa. Sindikunena kuti luso lingalowe m'malo mwa ufa. Pamene palibiretu kanthu, katswiri wa kuphika amagona ndi njala ngati wina aliyense, ndipo njala yotere ndi mlandu wa andale ndi oyendetsa chuma. Koma pakati pa kusoweratu ndi kukhala nazo zambiri pali dera lalikulu limene ambiri a ife timakhalamo, ndipo m'dera limeneli luso la wophika ndi limene limagamula ngati khomo lingathe kulandira mlendo popanda wina kugona ndi njala.

N'chifukwa chake kumana ana aamuna luso limeneli ndi kuwalakwira iwo ndiponso alongo awo. Mnyamata amene sanayesepo ufa sadziwa kulemera kwa mawu akuti "sambani m'manja". Amawalankhula mopepuka chifukwa sanaonepo pansi pa thumba. Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika nsima ya ku Malawi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse, ndipo ambiri tinanyadira. Koma nsima siidziphika yokha. Kutama chakudyacho n'kuiwala manja amene amachivundula kawiri pa tsiku ndi njira inanso yodyera anthu masuku pamutu.

Chiyankhulo chathu chinatisiyira kale muyeso mu kaphatikizo kaja ka -an-. Mneni akalandira -an-, aliyense wotchulidwa m'chiganizo amakhala wochita ndiponso wochitiridwa. Sitinganene kuti anthu akudyerana kapena akuphikirana ngati mmodzi yekha ndiye amakhala pa utsi masiku onse. Choncho khomo limene likufuna kudziwa ngati lili lopatsa lisawerenge alendo amene adyapo chaka chino. Lifunse amene amagwira mthiko ngati dzulo anagona atakhuta.